Nkhalango Imene Makina Anakana Kuonetsa

Anthu ogwira ntchito za makompyuta ku Lilongwe ali ndi nkhani imene amakambirana magetsi akathima, jenereta itakana kulira, aliyense atakhala pakhonde kudikira. Ena amaikamba moseka. Ena amaikamba motsitsa mawu, manja atawabisa m'khwapa. Ndi nkhani ya mayi wina dzina lake Nelifa Kachigunda, amene kuntchito ankangomudziwa kuti Neli.

Nelifa ankagwira ntchito ku bungwe lina lokonza mapu a ulimi wothirira. Ntchito yake inkayenda chonchi. Ankaulutsa kandege kopanda munthu, kaja amati droni, n'kujambula dambo lonse kuchokera m'mwamba. Zithunzizo zinali zolemera moti laputopu wamba sakanazisenza, choncho ankazisunga m'makina aakulu amene anali ku Blantyre, m'chipinda chozizira chimene Nelifa anali asanapondemo. Iye ankangokhala pa desiki yake ku Lilongwe n'kulowa m'makinawo kudzera pa netiweki, zenera n'kutseguka pa sikirini yake ngati makinawo ali pamaso pake. M'zeneramo munali pulogalamu yophunzira. Munthu ankagwira mausi n'kupaka utoto pang'ono pachithunzi: wobiriwira pa munda, wabuluu pa madzi, wachikasu pa thengo loti likhoza kulambulidwa, wofiira pa malo osayenera kukhudzidwa monga sukulu, tchalitchi ndi manda. Akangopaka kamzere kamodzi, makinawo ankaphunzira pompo n'kupaka okha malo ena onse ofanana ndi amenewo. Anali ngati mwana womvera mopitirira: chimene wamuuza amachigwira, safunsa.

Chaka chimenecho ntchito inagwera dambo lina cha ku Dowa, ndipo pakati pa dambolo panali mudzi wa kwa Mtsukwa. Kumeneko n'kumene kunakwiriridwa mchombo wa Nelifa. Kuntchito palibe ankadziwa. Sikuti ananamapo bodza lalikulu, ayi. Tsiku limene anayamba ntchito wina anamufunsa kwawo, iye anangoti, "Ndakulira konkuno m'tauni." Zinali zoona kuyambira pamene analowa sekondale, ndipo palibe anafunsanso.

Tsiku lokajambula anapita atatu: Nelifa, bwana wawo mayi Thawale, ndi Biziwiki amene ankaulutsa kandege kaja. Atatsala pang'ono kufika, gule anadutsa msewu, thupi lonse matope, nthenga zili yangayanga kumutu, n'kulowa m'tchire. Biziwiki anakweza galasi mwachangu.

"Tafika kwawo kwa zilombo," anatero. "Anthu ake ano, sukulu ayi, tchalitchi ayi. Munthu akafa, m'malo mwa nyimbo ya Mulungu amamuperekeza ndi zinthu zimenezi. Neli, ukanabadwira kuno bwenzi pano ukuombera m'manja nyau, mwana kumbuyo wina kutsogolo."

Biziwiki sanali munthu woipa mtima. Ali mwana anathamangitsidwapo ndi gule pochokera kusukulu mpaka anathyoka dzino, ndipo mantha aubwana amenewo anasanduka nthabwala zosatha. Koma Nelifa, amene amayi ake anaperekezedwa kumanda ndi gule yemweyo, anaseka nawo. Anaseka mokweza kuposa onse.

Pamudzi anawalandira ndi madoda angapo. Amene anawayalira mphasa anali a Gelesomu, atsibweni ake enieni a Nelifa, mlongo wawo wa malemu amayi ake. Atakweza maso n'kumuona, nkhope yawo inayamba kumasuka. Nelifa anafulumira kutambasula dzanja.

"Muli bwanji, bambo?"

A Gelesomu anayang'ana dzanjalo, anayang'ana alendo enawo, kenako analigwira ndi manja awiri.

"Tili bwino, mayi. Kaya inu, mwayenda bwanji?"

Anakakhala kumbuyo kwa anzawo n'kumakanda pansi ndi kamtengo.

Kandege katamaliza ntchito dzuwa lili paliwombo, atatuwo anaima pachulu kunja kwa mudzi akulongedza. Chapatali pang'ono panali nkhalango yowirira, mitengo ikuluikulu yakuda bii pakati pa minda youma ya mwezi wa Okutobala. Mayi Thawale anaphimba maso ndi chikhatho.

"Kodi si manda amenewo? Ngati ndi manda tibwerere m'mudzi, tikakhale pansi ndi eni ake, banja ndi banja, atiuze malire. Neli, iwe ndi amene unafufuza za dera lino."

Nelifa anaona m'maganizo mwake mphasa ija, atsibweni ake akufunsidwa kuti m'mandamo muli yani wa kwanu, iwo n'kutembenukira kwa iye. Anakweza dzanja. Mwana aliyense wa kwa Mtsukwa amadziwa asanadziwe kuwerenga kuti manda saloza ndi chala. Ukafuna kusonyeza umagwiritsa mlomo, kapena nkhonya yofumbata. Iye analoza ndi chala cha mkombaphala, chowongoka bwinobwino.

"Apo? Ndi nkhalango ya nkhuni chabe. Manda awo ndi aja a ziliza kuseri kwa tchalitchi."

Atatsitsa dzanja anaona a Gelesomu ataima m'mphepete mwa munda, chipewa chili m'manja. Anali ataona zonse.

M'galimoto pobwerera Nelifa anadzitonthoza. Anati ndikakonza mwakachetechete. Ndikakhala ndekha pa desiki ndikapaka utoto wofiira pankhalangopo, makina akaphunzira, manda akapulumuka, ndipo palibe akadziwe kanthu. Ntchito yothirirayo inali yabwino, anthu a kwa Mtsukwa eniake ankaifuna, ndipo iye sankafuna kuipha. Ankangofuna kuti mbali ziwiri za moyo wake zisakumane. Koma paja akulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Zithunzi zitakwezedwa ku makina a ku Blantyre, Nelifa anatsegula zenera lake m'mawa. Mwatsoka Biziwiki anabwera kudzaima kumbuyo kwake, kapu ya tiyi m'manja, kufuna kuona mmene kandege kake kanajambulira.

"Taona kuwala kwake! Paka nkhalango ya nkhuni ijatu, tione ngati makina aizindikire."

Nelifa anasankha wachikasu. Anakoka kamzere kamodzi pakati pa mitengoyo. Nthawi yomweyo chikasu chinafalikira ngati moto wa lupsa: nkhalango ya kwa Mtsukwa yonse, kenako ina ya mudzi woyandikana, kenako ina kutsidya kwa mtsinje. Makina anali ataphunzira kuti mitengo yowirira yoima payokha pakati pa minda ndi thengo loyenera kulambula. Manda onse akale a m'dambomo anasanduka achikasu.

"Anzeru makinawa," anatero Biziwiki, n'kumapita.

Biziwiki atangotseka chitseko, Nelifa anasankha chofufutira n'kukankha mausi kupita pankhalangopo. Kadzanja ka pa sikirini, kaja kali ndi chala choloza, katangokhudza mtengo woyamba, zenera lonse linada bii. Pakona panatuluka uthenga wa Chingerezi wonena kuti pulogalamu yalephera kujambula chithunzi.

Sanadabwe. Zoterezi zimachitika munthu akamagwira ntchito pa makina ali kutali: chithunzi chimakonzedwa uko, n'kutumizidwa kuno, ndipo panjira pali zambiri zimene zingakodwe. Anatseka, anatsegulanso. Mapu anabwera bwinobwino. Anayendetsa kadzanja pa minda, pa mtsinje, pa denga la sukulu, zonse zili myaa. Atafika pankhalango, mdima.

Anaimbira a Namakhwa, injiniya amene ankasamalira makinawo ku Blantyre. Awiriwa anali asanaonanepo, koma pafoni ankacheza ngati anakulira limodzi.

"Achemwali a ku likulu! Mwaswanso chiyani lero?"

"Makina anu okalambawo, achimwene. Zenera likuda ndikafika pamalo amodzi."

"Makina anga ndi anyamata, musawanyoze. Netiweki yanu ya ku Lilongweyo ndi imene imayenda ngati ngolo ya abulu. Tachepetsani ubwino wa chithunzi tione."

Anachepetsa. Mapu anasanduka timabokosi, koma pankhalango panadabe. A Namakhwa anati mwina chithunzi cha pamalopo chinawonongeka pokweza, Nelifa anachikwezanso kuchokera pa khadi losungira zithunzi la m'kandege. Mdima. A Namakhwa anati mwina ndi dilaiva, kapulogalamu kamene kamalankhulitsa makina ndi khadi lojambula zithunzi. Anachotsa watsopano n'kubwezeretsa wakale. Mdima. Anazimitsa khadi lojambulalo kuti makina azijambula pang'onopang'ono ndi ubongo wawo waukulu. Mapu anayamba kubwera mwaulesi, mzere ndi mzere, ngati nsalu ikulukidwa. Nelifa anasendeza kadzanja mosamala. Mitengo yoyamba inaoneka, kenako sikirini inachita ngati yaphethira, n'kuda.

"Mwina vuto ndi kadzanjako," anatero a Namakhwa. "Ena amati kakasintha maonekedwe pamwamba pa chithunzi chochokera kutali, zenera limasokonezeka. Kasintheni kakhale kamuvi."

Anakasintha. Sizinathandize.

"Ndiye pamalopo pali chiyani, achemwali? Mgodi wa golide?"

"Mitengo chabe," anatero Nelifa. Pochotsa dzanja pa mausi anaona kuti chala chake cha mkombaphala sichikufuna kupinda bwino. Anati ndi kutopa.

Mawa lake mayi wokonza muofesi anayenda chipinda ndi chipinda kufunsa amene watenga beseni lotsukiramo makapu. Palibe analiona. Nelifa atakweza mausi yake anapeza pansi pake pali dothi lofiira, lonyowa pang'ono, lochuluka ngati lodzaza supuni. Kunja kunali kusanagwe mvula chichokereni mwezi wa Epulo. Analisesera m'dzanja n'kulitaya pawindo, osauza munthu.

Masana ake, atavala zomvera m'makutu kudikira foni ya a Namakhwa, anamva kaphokoso kapansipansi. Poyamba anayesa ndi mafani oziziritsa makina. Koma kanali ndi kayendedwe kake: kugunda, kupuma, kugunda, kupuma, ngati khasu likulowa m'nthaka yofewa. Atavula zomverazo kanasiya. Atavalanso kanayambira pomwe kanalekera.

Mayi Thawale anasuzumira pakhomo. "Neli, mapu aja akhale okonzeka Lachisanu. Kukubwera a kampani yolambula, akufuna adziwe poyambira akatapila awo. Ndawatumizirako kale mapuwo mmene alili pano kuti anyamata awo ayambe kukhoma zikhomo. Zonse zili bwino?"

"Kavuto kakang'ono ka sikirini, bwana. Tikukonza."

Akanatha kunena pomwepo. Koma kunena kuti ndi manda kukanabala funso lakuti bwanji unati ndi nkhuni, ndipo funso limenelo linali ndi ana ake. Anamwetulira, bwana n'kudutsa.

Poweruka, kachisisira katayamba, mlonda wa pageti anamuimitsa.

"Madamu, kunabwera mayi wina masana. Amafunsa munthu woti kuno kulibe."

"Ndani?"

"Akuti Nelifa, mwana wa Nankhoma. Ndawauza kuti maina a anthu onse a muno ndimawadziwa, dzina limenelo kulibe."

Nankhoma linali dzina la mfunda la amayi ake. Nelifa anagwira chitsulo cha geti.

"Amaoneka bwanji?"

"Nkhope sindinaione bwino, anafunda chitenje kumutu. Koma mapazi, madamu, matope okhaokha, dzuwa lonseli. Ndinafuna kuwafunsa kumene kwagwa mvula."

"Ndiye mutawauza kuti kulibe, anati chiyani?"

"Anangoti, 'Eya, ndaona kuti kulibe.' Basi n'kumapita cha uko." Mlondayo anasonya ndi mlomo kumsewu wa fumbi, kumene kunalibe munthu.

Nelifa anayenda mpaka pokwerera minibasi. Chimene chinamugwira sichinali mantha okha. Mantha amathamangitsa munthu, koma ichi chinkamutenthetsa m'makutu ngati mwana amene wagwidwa akukana mbale ya kwawo pamaso pa alendo.

M'mawa mwake a Namakhwa anaimba okha.

"Achemwali, ndaganiza. Makina athuwa alibe sikirini yawoyawo, ndipo pali mapulogalamu ena amene amakana kujambula akaona kuti palibe sikirini yolumikizidwa. Pali kapulagi kena kamene timabaya kumbuyo, kowanamiza kuti pali munthu akuyang'ana. Ndakabaya. Tayesani."

Anayesa. Ulendo uno zenera silinade msanga. Nkhalango inaoneka kanthawi kochepa, ndipo m'kanthawi kameneko Nelifa anaona ngati mithunzi ya pansi pa mitengo yasuntha yonse pamodzi, monga amachitira anthu okhala pamaliro mlendo akalowa. Kenako mdima.

"Dikirani," anatero a Namakhwa. "Ndisiye zonamiza. Ndikatenge sikirini yeniyeni ndione ndi maso anga kuno."

Nelifa anamva chitseko, mapazi, zingwe zikukokedwa. Phokosolo litaleka anaitana.

"Achimwene?"

"Kuno ikuoneka bwinobwino." Nthabwala zinali zitachoka m'mawu awo. "Kamzere kanu kachikasu ndikukaona. Koma anthuwa munawasonkhanitsa bwanji?"

"Anthu ati?"

"Akhala pansi pa mitengo. Akuoneka m'mipata ya masamba. Ndi ambiri, achemwali."

"Tsiku limenelo munalibe munthu m'menemo. Ndi mithunzi."

"Mwina ndi mithunzi. Pa chithunzi cha m'mwamba chilichonse chimaoneka ngati mutu wa munthu." Anapuma. "Nkhope sizikuoneka. Koma munthu umadziwa ukamayang'anidwa."

Nelifa anatseka maso. "Ndithandizeni chinthu chimodzi. Fufutani kamzereko inuyo, mupake wofiira. Musandifunse."

"Wofiira? Achemwali, mwakhala mukundiuza kuti ndi mitengo chabe."

"Chonde."

Anamva mausi ikudina kutali. Kenako a Namakhwa anapumira m'mwamba.

"Ndafufuta, kabwereranso. Ndafufutanso, kabwereranso. Zikuoneka kuti khomo limene munalowera tsiku loyamba silinatsekeke bwino, ndiye makina akuona ngati mwini kamzereko akadali pomwepo, akukabwezeretsa. Kafunika dzanja lanu, osati langa." Anakhosomola. "Ndipo ndikuuzeni, m'chipinda muno mukununkha dothi la mvula yoyamba. Muno mulibe windo. Ine ndikutuluka kaye."

Madzulo a tsiku lomwelo foni ya Nelifa inalira, nambala ya atsibweni ake. Anathawira nayo kuseri kwa ofesi.

"Ndimafuna ndilankhule ndi mayi aja anabwera ndi kandege," anatero a Gelesomu.

"Atsibweni, ndine. Ndine Nelifa."

"Atsibweni ndi ndani? Ine ndinalandira alendo, ndinawayalira mphasa." Mawu awo analibe ukali, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. "Ndimati ndikudziwitseni, mayi, kuti kwabwera anyamata a kampani. Akhoma zikhomo zopaka chikasu kuzungulira kumene kwagona anthu athu. Tawauza, akuti iwo amatsata mapu, zodandaula tikanene ku ofesi. Ndiye ofesi imene ndikuidziwa ine ndi inuyo."

"Ndikukonza, atsibweni. Makina akuvuta, koma ndikukonza. Palibe adzakhudze pamenepo."

"Makina." A Gelesomu anapitiriza: "Madziwo tikuwafuna, musatimve molakwa. Ana akuvutika ndi njala kuno. Koma mlongo wanga sanalakwire munthu." Kenako anafunsa motsitsa, ngati mmene ankamufunsira ali mwana akadwala malungo: "Chala chili bwanji?"

Nelifa anayang'ana dzanja lake. Chala chija chinali chitauma gwa, chowongoka, chozizira ngati cha munthu wina. Pofuna kuyankha anapeza foni yaduka.

Lachisanu linafika. M'chipinda cha misonkhano munali mayi Thawale, Biziwiki, ndi amuna awiri a kampani yolambula atavala majekete owala. Mapu anawaonetsa pakhoma, aakulu ngati chitseko. A Namakhwa anali pafoni imene inaikidwa pakati pa tebulo, akuyesabe njira ina yotumizira chithunzi. Nelifa anakhala pa laputopu, dzanja lamanja atalibisa pansi pa tebulo, mausi akuyendetsa ndi lamanzere.

"Tiyambira apa," anatero mmodzi wa alendowo, akuyandikira khoma. "Mitengo ikuluikuluyi ichoke kaye, ndi pamene padutse ngalande yaikulu. Tatikulitsireni pamenepa, mayi."

Nelifa anasendeza mausi. Khoma lonse linada.

"Ndi kavuto kaja, bwana," anatero.

"Zilombo zija zalowa mu waya," anatero Biziwiki. Alendowo anaseka. "Neli, unakaponda pa dambwe la nyau eti? Uzikalipira nkhuku."

"Palibe kanthu," anatero mlendo uja. "Chikasu tachiona kale. Tisainirane, Lolemba akatapila anyamuke."

Mayi Thawale anatenga cholembera. M'chipindamo munali zii, koma Nelifa ankamva khasu lija, tsopano popanda zomvera m'makutu: kugunda, kupuma, kugunda. Anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo kwake.

"Bwana, musasaine. Amenewo ndi manda."

Onse anatembenuka.

"Unati ndi nkhuni," anatero mayi Thawale.

"Ndinanama." Maso ake anali patebulo. "Kwathu ndi kwa Mtsukwa. Dzina langa ndine Nelifa. Bambo aja anatiyalira mphasa ndi atsibweni anga, ndinawapatsa moni ngati mlendo. M'nkhalangomo mwagona amayi anga, Nankhoma, ndipo anaperekezedwa ndi gule, monga ananenera Biziwiki. Ndinapaka chikasu ndine, makina anangotsatira. Nkhalango zina zonse zachikasuzo ndi manda a midzi ina."

Biziwiki anayang'ana nsapato zake. Nelifa anali ataganizira nthawi imeneyi kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankaona anthu akumuseka. Kusaseka kwawo kunamuvula kuposa kuseka.

Kenako anachita chinthu chimene sanakonzekere. Anatembenukira kukhoma lakudalo, anapinda mawondo pang'ono, n'kuomba m'manja mofatsa katatu, chala chouma chija chikutsekereza.

"Odi," anatero. "Ndine mwana wa Nankhoma."

Khoma linayamba kuyera kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere. Minda inabwera, mtsinje unabwera, kenako mitengo, tsamba lililonse lili poyera, kamzere kachikasu kali pakati ngati chilonda.

"Zatheka!" inafuula foni ya patebulo. "Achemwali, mukuona? Ndatseka khomo lakale lija, ndasinthanso njira yotumizira chithunzi. Ndimadziwa ine kuti ndi pamenepo!"

Mpaka lero a Namakhwa amati chimene chinakonza ndi chimenecho, ndipo anthu odziwa makina amavomereza kuti n'zomveka. Amene anali m'chipindamo satsutsa. Amangonena kuti chithunzi chitabwera, aliyense anatsitsa maso, ngakhale alendo a majekete aja, ndipo palibe amene anafunsa mnzake chimene anaona pansi pa mitengo.

Nelifa anafumbata dzanja lamanzere n'kukankha mausi ndi nkhonya. Anafufuta chikasu, anapaka wofiira. Kufiira kunayenda dambo lonse, nkhalango ndi nkhalango, mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Mayi Thawale anaika cholembera pansi. "Ngalande ikhota," anauza alendowo. "Zitichedwetsa, ndipo ndikudziwa kuti simukondwa. Lolemba tikupita kwa Mtsukwa kukakhala pansi ndi eni ake." Anayang'ana Nelifa nthawi yaitali. "Iwe ndi amene ukatitsogolere. Ukayambe ndi kupereka moni bwino. Za bodzali tikambirana tikabwerako, sizinathe."

"Ndamva, bwana."

Biziwiki ndi amene anayamba kutuluka, mutu uli pansi. Atatsegula chitseko anaima chilili.

Pakhomo penipeni, pakati pa njira, panali beseni lija linasowa. Linali lodzaza madzi, ndipo pamwamba pake pankayandama masamba osinja, obiriwira, onunkhira ngati kuthengo. Pa simenti kuzungulira besenilo panali madontho a dothi lofiira. Mayi wokonza muofesi anali ataima chapatali, tsache lili m'manja, akupukusa mutu kuti si iye.

Aliyense wobadwira m'dziko muno amadziwa madzi amene amadikira anthu pakhomo akamachokera kumanda. Palibe anafunsa. Biziwiki anapinda manja a malaya, anagwada, n'kusamba m'manja mwakachetechete. Anatsatira mayi Thawale, kenako alendo awiri aja, wina pambuyo pa mnzake.

Nelifa anatsalira. Anagwada pa simenti, anamiza manja onse awiri. Madziwo anali ofunda, ngati amene munthu wawateleka poganizira mwana amene akuchokera kutali. Anakhala choncho, nkhope ikutentha, misozi ikugwera m'beseni, mpaka anamva chala chija chikupinda pang'onopang'ono kubwerera kwa zinzake.